Njinga yamoto yoyamba ikhale yodziwa kukhululuka

"Aphunzitsi, ya 600 ingandikwane, eti?"

Funso limeneli ndalimva kosawerengeka pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa anthu kuyendetsa njinga zamoto. Wofunsayo amakhala atasankha kale mumtima. Foni ili m'manja, chithunzi wandiyandikizira kumaso: njinga yoweramira kutsogolo ngati kambuku wofuna kumbwandira nyama, mapulasitiki ali waliwali, tayala lakumbuyo lonenepa. Sanabwere kudzafuna malangizo ayi, wabwera kuti ndimuvomereze. Ndikamufunsa kuti, "Achimwene, mwayendetsapo njinga yamoto nthawi yaitali bwanji?" amayankha mosakayika kuti mnzake anamubwerekapo kawiri konse, ndipo sanagwe.

Munthu wotere sindimunyoza. Inenso njinga zimenezi, zimene pa Chingerezi amati sport bike, zinandilowa m'magazi kalekale, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kwa injini ya masilinda anayi khosi limatembenuka lokha. Koma funso lake layambira polakwika. Iye akufunsa ngati njingayo ingamukwane. Ine chimene ndimafuna kudziwa pa njinga yoyamba ya munthu n'chakuti, tsiku limene dzanja lake lidzalakwitse, njingayo idzamuchita chiyani? Pakuti kulakwitsa kokha ndiye adzalakwitsa ndithu.

Tiyambe ndi nambala imene imasokeretsa ambiri, ya ma cc. Muyeso umenewu umangonena kukula kwa malo a m'kati mwa masilinda, momwe mapisitoni amakwera ndi kutsika, ndiye kuti kuchuluka kwa mpweya ndi petulo zimene injini ingameze ulendo umodzi. Sunena mphamvu. Mphamvu imadaliranso kuti injiniyo ikumeza kangati pa mphindi imodzi. Injini ya masilinda anayi ang'onoang'ono imakhala ndi mapisitoni opepuka, oyenda kamtunda kakafupi, choncho imazungulira mofulumira kwambiri kuposa ya masilinda awiri akuluakulu.

Taonani. Kawasaki Ninja 650 ili ndi injini ya 649 cc, masilinda awiri, ndipo imatulutsa ma horsepower (muyeso wa mphamvu ya injini) 68 ikamazungulira maulendo 8,000 pa mphindi. Yamaha YZF-R6 ndi ya 599 cc, yocheperapo papepala, koma ya masilinda anayi, ndipo imatulutsa ma horsepower pafupifupi 118 pa maulendo 14,500. Yaing'ono pa nambalayo ndiye chilombo. Chitsanzo china chili m'banja limodzi: Ninja 400 ndi Ninja ZX-4RR zonse ndi za 399 cc, koma yoyamba ili ndi ma horsepower 45, pamene yachiwiri, monga amaigulitsira ku Ulaya, ili ndi 77. Ndiye munthu akangoti "ya 400" kapena "ya 600" sananene kanthu. Funsani masilinda ndi angati, funsani mphamvu, funsani kulemera.

Njinga ya 600 ya masilinda anayi ili ndi khalidwe lina limene ndimaliopa kwambiri kwa woyamba kumene. Imanamiza. Injini ikamazungulira pang'ono, pansi pa maulendo 6,000 kapena 7,000, imakhala yofatsa, mwinanso yaulesi kumene. Munthu amayenda nayo sabata imodzi, masabata awiri, n'kumati, "Aa, anthu amangokokomeza, iyi ndi yosavuta." Tsiku lina msewu wayera, wapotokola dzanja kuposa masiku onse, singano yoonetsa kuzungulira kwa injini yadutsa 10,000, ndipo njinga ija yasanduka ina imene sanaionepo. Giya yoyamba yokha imapitirira makilomita 100 pa ola. Pa liwiro limenelo mukudutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Ndipo mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti akuimitseni umawirikiza kanayi. Za 1000 cc, monga YZF-R1 ya ma horsepower pafupifupi 200, sinditayirapo nthawi n'komwe.

Ndikuuzeni zimene ndimaona pabwalo lophunzitsira. Panali mnyamata wina, wodekha ndithu, wosapupuluma, ali pa tsiku lake lachiwiri. Ndinamuuza kuti anyamuke pang'onopang'ono n'kukaima pa mzere woyera. Zala zinaterereka pa kilachi, njinga inadumpha. Thupi linakankhikira m'mbuyo, ndipo monga amachitira munthu aliyense akamagwa chagada, anagwiritsitsa chimene chinali m'manja. Tsoka ilo, chimene chinali m'dzanja lamanja ndi throttle, chogwirira chija timapotokola powonjezera moto. Kugwiritsitsa kuja kunawonjezera moto, njinga inathamanga, thupi linabwereranso m'mbuyo, dzanja linapotokolanso. Zonsezi m'masekondi awiri okha. Anakagwera pa makoni apulasitiki, khu! Anadzuka akusasa fumbi, akuseka mwamanyazi.

"Aphunzitsi, sindinafune kutero, dzanja langochita lokha."

Ndinamuyankha kuti ndikudziwa, akwerenso. Njingayo inali ya 125 cc, ya ma horsepower osapitirira 15. Dzanja lomwelo mukaliika pa ma horsepower 118, pamsewu wodutsa magalimoto, nkhani yake siyithera pa kuseka.

N'chifukwa chake mawu akuti "ndizisamala, ndiziyenda pang'onopang'ono" sandigwira mtima. Mnyamata uja sanagwe chifukwa chosasamala. Manja ake anali asanaphunzire. Kusamala kumakhala m'mutu, koma zinthu zikathina panjinga mutu umachedwa. Amene amayankha ndi manja ndi mapazi, ndipo amayankha zimene anazolowera. Woyamba kumene akadzidzimuka amafinya buleki yakutsogolo kamodzin'kamodzi m'malo moikoka mowonjezera pang'onopang'ono. Amatseka moto ali pakati pa kona. Amayang'anitsitsa ngalande imene akuiopa mpaka njinga kumutengera komweko, pakuti njinga imapita kumene maso apita. Njinga yofatsa zolakwa zoterezi imazimeza, inu n'kungotsala ndi mtima ukugunda. Ya mpikisano inapangidwa kuti izimvera kakugwedeza kalikonse ka dzanja nthawi yomweyo, chifukwa katswiri amafuna zimenezo. Ndiye imamveranso zolakwa mokhulupirika chimodzimodzi.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Munthu woopa njinga yake saphunzira msanga. Nzeru zonse zimathera pa dzanja lamanja, moti sizitsalako zoonera galimoto imene ikufuna kukhota kutsogolo kwake. Chonsecho ngozi zambiri zimachokera kumeneko. Kafukufuku wodziwika bwino wa Harry Hurt wa ku University of Southern California, amene anatuluka mu 1981 atafufuza mozama ngozi 900 za njinga zamoto m'dera la Los Angeles, anapeza kuti pafupifupi ngozi zitatu mwa zinayi zilizonse zinali zowombana ndi galimoto, ndipo kawirikawiri woyendetsa galimotoyo ndi amene analowerera njira ya njinga. Anapezanso kuti oposa theka la okwera njinga aja anali asanakwanitse miyezi isanu pa njinga imene anachita nayo ngozi, ndipo 92 mwa 100 alionse anadziphunzitsa okha kapena anaphunzitsidwa ndi abale ndi anzawo. Kafukufukuyu ndi wakale, njinga zasintha kwambiri, koma maso a madalaivala ndi manja a ophunzira ndi omwe aja.

Nanga muyeso wabwino ndi uti? Ine ndimabwereka wa ku Ulaya. Kuyambira mu 2013, m'mayiko a European Union laisensi ya njinga imakwera ngati makwerero. Ya A1 imalola 125 cc ndi ma kilowatt 11. Ya A2 imalola njinga yosapitirira ma kilowatt 35, omwe ndi ma horsepower pafupifupi 47, komanso yosapitirira ma kilowatt 0.2 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Yopanda malire, ya A, munthu amaipeza atakhala zaka ziwiri pa A2 kapena atakwanitsa zaka 24. M'madera ambiri a ku Australia ophunzira saloledwa kupitirira 660 cc ndi ma kilowatt 150 pa tani imodzi. Malamulo a kwanu akhoza kukhala osiyana, ndipo muwafufuze musanagule. Mwina amakulolani kukwera chilichonse tsiku lomwe mwalandira laisensi, koma chilolezo cha lamulo sichiphunzitsa manja. Ma horsepower 47 aja ndimawatenga ngati denga la njinga yoyamba, kaya lamulo likunena kaya lili chete.

Ubwino wake, malamulo amenewa analimbikitsa mafakitale kupanga njinga zooneka ngati za mpikisano koma zofatsa m'kati. Yamaha YZF-R3, imene inatuluka mu 2015, ndi ya 321 cc, masilinda awiri, ma horsepower 42. Imalemera makilogalamu pafupifupi 169 ili ndi mafuta, ndipo chishalo chake chili mamilimita 780 kuchokera pansi. Injini yake imafuna muziikweza maulendo kuti ichangamuke, zomwe zimaphunzitsa munthu kusintha magiya pa nthawi yake. Kawasaki Ninja 400 ya mu 2018 imalemera pafupifupi chimodzimodzi, koma imakoka bwinopo injini ikadali pansi, ndipo kilachi yake ndi yofewa moti zala sizitopa pa mdipiti wa magalimoto. Mu 2024 inalowedwa m'malo ndi Ninja 500 ya 451 cc. Honda CBR500R, ya 471 cc, inabwera mu 2013 itaikidwa pamalire penipeni pa ma kilowatt 35. Ndi yolemerapo, makilogalamu opitirira 190, yodekha ngati munthu wamkulu, yabwino kwa wathupi ndi woyenda mitunda italiitali. KTM RC 390 ndi ya silinda imodzi, 373 cc, ma horsepower pafupifupi 44, yopepuka ndi yakuthwa pokhota, koma chishalo chake chimafika mamilimita 820 kapena kupitirirapo ndipo imakuweramitsani kuposa zinzakezi. Mukandipanikiza kuti nditchule, ndimati R3 kapena Ninja 400, malinga ndi imene thupi lanu lagwirizana nayo.

Za 125 cc, monga Yamaha YZF-R125 ndi Suzuki GSX-R125, ndi sukulu yabwino kwambiri ngati maulendo anu ndi a m'tauni. Pamsewu waukulu zimapereweza: kupitirira lole yaitali kumatenga nthawi yoti mpaka mumayamba kupemphera. Kumtunda kuli za masilinda awiri za 650, monga Ninja 650 ija ndi Suzuki SV650, zimene anthu amakangana nazo tsiku ndi tsiku ngati zili zoyambira kapena ayi. Ine ndimazilola kwa munthu amene watha chaka akuyendetsa njinga yaing'ono masiku onse. Kwa amene sanagwirepo kilachi yapadzanja, ayi. Yamaha R7 ya 689 cc mphamvu yake ili m'gulu lomweli, koma mahandulo ake ali pansi ngati a mpikisano, ndiye ndimaiika pa njinga yachiwiri.

Tsopano tisiye mapepala, tikhudze njinga. Kugwa koyamba kwa anthu ambiri sikuchitika pa liwiro. Kumachitika pa geti, potembenuka m'kamsewu kopanikiza, kapena poima pamene phazi laponda mchenga, kapena lapeza dzenje pomwe limayembekezera nthaka. Njinga imayamba kupendekera pang'onopang'ono, inu mukulimbana nayo ndi mwendo umodzi, mpaka pofika pamene simungaibwezenso. Apa ndi pamene makilogalamu 20 osiyanitsa njinga ziwiri amaonekera. Choncho musanagule, khalanipo mutavala nsapato zimene muziyendetsera. Mukatha kuponda ndi mapazi onse awiri ngakhale chidendene chili m'mwamba pang'ono, kapena phazi limodzi lonse bwinobwino, zili bwino. Musangodalira nambala ya kutalika kwa chishalo, chifukwa chishalo chotambalala chimakhanyulitsa miyendo n'kuifupikitsa. Njinga ziwiri zofanana papepala zimasiyana mukakhalapo. Kenako tsikani, chotsani sitandi, ikankheni kutsogolo ndi m'mbuyo muli chiimire. Ikakulemerani pa simenti yosalala ya m'shopu, pamalo otsetsereka idzakugwetsani.

Pindaninso mahandulo mpaka kumapeto, uku ndi uku. Pa njinga zenizeni za mpikisano amapinda pang'ono chabe, ndipo chala chachikulu chimapanikizika ndi thanki, moti kutembenuka pamsewu wopapatiza kumakhala ntchito. Yang'anani m'magalasi: ngati mukuona zigongono zanu zokha, dziwani kuti muziyenda osadziwa za kumbuyo.

Nkhani ya mahandulo ndiikhalirepo pang'ono, chifukwa anthu amaitenga ngati yongokhudza kupweteka kwa msana. Njinga yamoto ikangodutsa liwiro la munthu wothamanga, sikhota monga ambiri amaganizira. Mukafuna kupita kumanja, mumakankha handulo yakumanja kutsogolo pang'ono. Tayala limaloza kumanzere kwa kanthawi kochepa, njinga n'kupendekera kumanja, kenako n'kukhota. Aliyense amene anapalasapo njinga yakapalasa amachita zimenezi osadziwa, koma panjinga yamoto muyenera kuzichita mwadala, makamaka pozemba chinthu mwadzidzidzi. Kuti zitheke, mikono iyenera kukhala yomasuka, zigongono zopindika. Mahandulo otsika kwambiri amaponya thupi lonse pa zikhatho. Wozolowera amadziwa kupana thanki ndi mawondo n'kunyamula thupi ndi minofu ya pamimba ndi msana, manja n'kukhala opepuka. Woyamba kumene amangotsamira pa mahandulo mikono ili gwa, ndipo njinga imakana kukhota, iye n'kumati yavuta ndi njinga. Komanso mutu ukawerama, kuti muone patali ndi m'mbali mumachita kukweza khosi, ndipo likatopa mumasiya kuyang'ana. R3, Ninja 400 ndi CBR500R zili ndi mahandulo okwererapo. Zimaoneka zaukali zikaima, koma mukakhalapo msana umakhala woongoka ndithu.

Chinthu chimodzi chimene sindinyengerera ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika pogwira buleki. Pa njinga yamoto, mphamvu yaikulu yoimitsa ili pa buleki yakutsogolo, chifukwa mukamaima kulemera konse kumathamangira kutsogolo n'kukanikiza tayalalo pansi. Koma mukaifinya mwadzidzidzi kulemerako kusanafike, tayala limasiya kuzungulira n'kuyamba kukhwekhwereka, ndipo tayala lakutsogolo likatero mumapezeka pansi musanadziwe chachitika. Kafukufuku wa Hurt uja anaona kuti okwera ambiri pa ngozi ankaponda kwambiri buleki yakumbuyo mpaka tayala kukhwekhwereka, yakutsogolo n'kuiopa. ABS imawerenga kuzungulira kwa matayala, ndipo ikaona kuti limodzi latsala pang'ono kumangika imamasula buleki n'kuigwiranso kambirimbiri pa sekondi. Ku European Union inakhala yokakamiza pa mitundu yatsopano ya njinga zopitirira 125 cc kuyambira mu 2016, ndipo India anatsatira pa njinga zonse zatsopano za msinkhu umenewo mu 2019. Koma njinga zakale, ndi zina zogulitsidwa m'misika ina, zilipo zambiri zopanda ABS ngakhale dzina ndi lomwelo. Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Yang'anani pakati pa tayala, pafupi ndi mbale ya buleki: payenera kukhala kamkombero kachitsulo ka timabowo tambirimbiri ndi kawaya kofikapo. Mukatsegula kiyi, getsi lolembedwa ABS liyake, ndipo lizime njinga ikayamba kuyenda. Mudziwenso malire ake: ABS wamba imathandiza kwambiri njinga ikakhala chilili, osati itapendekera pakona, ndipo siipanga mchenga kukhala phula.

Yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale ntchito? Ine ndimakonda yachiwiriyi, pa chifukwa chosavuta: idzagwa. Mapulasitiki okuta njinga zoterezi amasweka msanga ndipo kuwabwezeretsa kumapweteka m'thumba, kotero mtima umawawa pang'ono ngati panali kale kachipsera. Njinga za gulu ili sizivutanso kugulitsa, chifukwa chaka chilichonse pamabwera ophunzira atsopano. Koma apa m'pofunika maso, poti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Muuzeni mwini wake kuti asailize musanafike, ndipo mukafika gwirani injini mumve ngati yazizira; injini yovuta kulira m'mawa amaibisa poitenthetseratu. Njinga imene inagwa imaulula pa nsonga: kumapeto kwa mahandulo, timipira ta kumapeto kwa zokokera buleki ndi kilachi, zopondera mapazi, m'mbali mwa ekizozi. Kukalika pang'ono si mlandu. Chimene chimandibweza ndi tizitsulo toimitsa chiwongolero pakhosi pa felemu tikakhala tophwanyika kapena towotcherera, chifukwa kumeneko ndi kugunda kwamphamvu. Pitani kutsogolo, gwadani, muone ngati matayala awiri ali pamzere umodzi. Pititsani chala pa mafoloko, mapaipi awiri aja ogwira tayala lakutsogolo: mukapeza oyilo, zotsekera zatha. Tcheni chikhale chopanda dzimbiri ndi malo ouma okana kupinda, ndipo mano a sipuloketi, kagudumu kamene tcheni chimakolapo, asakhale opindika ngati mbedza.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. M'mbali mwake, kumapeto kwa zolemba zoyamba ndi DOT, pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi limauma n'kuyamba kuterera ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya, ndiye muwerengeretu kuti mugula ena. Mukaona mitu ya mabawuti ili ndi timabowo tobooledwa, makamaka pa bawuti yokhetsera oyilo, njingayo inathamangapo pa bwalo la mpikisano, kumene amamanga mabawuti ndi waya. Ndipo nambala ya felemu, yomwe pa njinga zambiri za masiku ano imakhala ya zilembo ndi manambala 17, ifanane ndi ya pamapepala chilembo ndi chilembo. Pakasiyana chimodzi, tsanzikani. Ngati zonsezi ndi zachilendo kwa inu, tengani makaniko amene si mnzake wa wogulitsayo. Mumufunsenso ngati zipangizo za njinga imeneyo zimapezeka mosavuta kumene mukukhala. Njinga yokongola yodikira kachitsulo miyezi itatu ndi chokongoletsa pakhonde chabe.

Ndalama musathere pa njinga. Ndaona anthu ochuluka atagula njinga ya maloto awo n'kutsala ndi yogulira helemeti yokhala ngati mbale. Yambani mwapatula za zovala, za maphunziro, za inshuwalansi, yotsalayo ndiye ya njinga. Helemeti ikhale yotseka nkhope yonse, chifukwa chibwano chimakonda kufika pansi, ndipo ikhale ndi chizindikiro cha muyeso wodalirika monga ECE 22.06. Ikugwireni masaya bwinobwino, osagwedera mukapukusa mutu. Yogwiritsidwapo kale ntchito musagule: chimene chimateteza ubongo ndi thovu lolimba la m'kati, ndipo limaphwanyika kamodzi kokha, kunja kukuonekabe bwino. Magolovesi ndi ofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti munthu akamagwa amatsogoza manja. Nsapato ziphimbe akakolo. Jekete ndi thalauza zikhale zopangidwira njinga, zokhala ndi zotetezera m'mapewa, m'zigongono, m'mawondo ndi kumsana. Jinzi wamba phula limamudya m'kanthawi kochepa. Mukumbukirenso kuti njinga yaikulu imadya ndalama ngakhale mutaigula kale: matayala ake ndi otambalala ndipo amatha msanga, mafuta imamwa ambiri, ndipo a inshuwalansi akamva kuti woyamba kumene ali ndi ya 600 amakweza mtengo.

Chotsutsa chomaliza chimene ndimamva nthawi zonse ndi ichi: "Koma aphunzitsi, yaing'ono nditopa nayo pakatha miyezi itatu." Tiyeni tinene zoona. Ninja 400 imachoka poima n'kufika makilomita 100 pa ola m'masekondi pafupifupi asanu, kusiya magalimoto ambiri m'mbuyo, ndipo liwiro lake lomaliza limapitirira kutali malire a pamisewu pafupifupi yonse. Njinga zomwezi zinali ndi mpikisano wawo wa dziko lonse, Supersport 300, umene unayamba mu 2017 n'kutha mu 2025. Mu 2018 Ana Carrasco wa ku Spain anaupambana ali pa Ninja 400, n'kukhala mayi woyamba kutenga chikho cha dziko lonse pa mpikisano wa njinga zamoto wa paphula wa wokwera mmodzi. Katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Valentino Rossi anayamba n'kutenga chikho cha 125 cc mu 1997, cha 250 cc mu 1999, kenako cha 500 cc mu 2001. Marc Márquez nayenso anadzera pa 125 cc, mu 2010. Anthu amene ntchito yawo ndi liwiro lenilenilo amakwera makwerero limodzilimodzi.

Chimene anthu amachitcha kutopa nthawi zambiri n'chakuti azolowera kupotokola moto pamsewu woongoka, zomwe ngakhale mwana angathe. Njinga yaing'ono imakoma kwina: mumagwiritsa ntchito magiya onse, mumamva injini ikufika pamapeto ake, mumaphunzira kulowa pakona ndi liwiro loyenera chifukwa mulibe mphamvu yobisira kulakwitsa potuluka. Pa yaikulu mumangokhala m'giya yachiwiri ndi yachitatu, mukuinyengerera ngati galu wolusa wa eni.

Wina akabwerera kwa ine patapita miyezi n'kunena kuti yamuchepera, sinditsutsana naye. Ndimamutengera pabwalo lopanda magalimoto. Ndimamuuza kuti athamange makilomita 50 pa ola, ndipo ndikakweza dzanja aime msanga mmene angathere, ndi mabuleki onse awiri, maso ali kutsogolo, mpaka amve ABS ikunjenjemera pa zala. Akaima akhale ali kale m'giya yoyamba, phazi lamanzere lokha lili pansi. Abwereze kakhumi, ndipo malo oimira asamasiyane kwambiri. Kenako azembe koni pa liwiro lomwelo osagwira buleki, kumanja ndi kumanzere, mbali imene ndamulozera mochedwa. Pomaliza atembenuke n'kubwerera kumene wachokera m'kati mwa malo oimikapo magalimoto awiri, osaponda pansi: kilachi ili pakatikati, moto uli wokhazikika, phazi likukhudza buleki yakumbuyo pang'ono, mutu utatembenukira kumene akupita. Akazichita zonsezi mosavutika, ndipo wadutsa nyengo ya mvula imodzi ali panjinga, timakhala pansi n'kuyamba kukambirana za 650.

Ambiri amadutsa poimapo ndi pozembapo. Potembenuka paja, phazi limatsika pansi ulendo woyamba womwe, ndipo amandiyang'ana n'kunena kuti, "Tabwerezaninso, aphunzitsi, sindinakonzeke."